Maluwa a ku Mulanje pa dothi la ku Chibavi

Ku Chibavi tinafikako pa lole, mvula ikuwaza, ine nditakhala pamwamba pa matiresi, timitengo titatu ta maluwa nditatipanikiza pakati pa miyendo. Ndikukumbukira kuti zala zinali zitauma ndi chisanu, nthambi zinali zitandikwapula kumaso ulendo wonse, ndipo dothi la m'ziguduli linali litadetsa diresi yanga ya kutchalitchi, koma sindinalole kuti munthu andilandire. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo makani anga anali atakula kale kuposa msinkhu wanga.

Chinali chaka chija boma linalamula kuti mphunzitsi aliyense abwerere kuchigawo chakwawo. Mayi anga anabadwira ku Nkhata Bay, koma anachokako ali mtsikana. Anaphunzitsa ku Mulanje zaka zambiri, kukwatiwa konko, kutibala konko ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Yona. Bambo anali kapitawo kuesiteti ya tiyi, ndipo ntchito yawoyo sinali yoti n'kuikweza pa lole, choncho anatsala. Masiku amenewo lamulo sunkalifunsa kuti bwanji. Amene ankafunsa ankakayankhidwira kutali. Mayi anangomanga katundu, n'kupita kumene anauzidwa kuti ndi kwawo, mumzinda wa Mzuzu umene anali asanagonemo n'kamodzi komwe.

Timitengo tija tinali ta haibisikasi, wa maluwa ofiira aja aakulu ngati chikhatho. Mtengo umodzi unali waukulu, wofika m'mapewa mwanga. Bambo anaudzala pakhomo chaka chimene ndinayamba sukulu, ndipo ting'onoting'ono tiwiri tinali ana ake. Anakumba timitengo tonse titatu ine ndili kotsanzika anzanga, mizu n'kuikulunga m'ziguduli zonyowa. Lole itayamba kuyenda, anayenda nafe pang'ono m'mbali mwa msewu, dzanja lili pa thabwa, ndipo m'malo monena zimene munthu amanena posiyana ndi ana ake, anangoti, “Linesi, uziwapatsa madzi. Asafe ludzu.” Mawu amenewo ndinawagwira ngati vesi loloweza.

Nyumba imene tinapeza inali ya zipinda ziwiri, kumbuyo kwa nyumba ya mwini wake, mayi wina wamasiye wa mawu aakulu dzina lake NyaGondwe. Malowo anali kumunsi, cha kudambo. M'mawa chifunga chinkakhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera, makoma ankatuluka thukuta, ndipo zovala ukayanika Lolemba unkazipeza Lachitatu zikununkha chinyontho. NyaGondwe anatipatsa kachigawo kutsogolo kwa khonde kuti tiwokerepo maluwa athu. Ndinakumba maenje ndekha. Dothi lake linali lomata, lokakamira kukhasu, losiyana ndi la kwathu lofumbutuka m'manja, koma ine sindinaganizepo kanthu. Ndinawokera, ndinapondera ndi chidendene, ndinathira madzi mpaka anasefukira. NyaGondwe anaimirira manja ali m'chiuno, n'kundipatsa dzina limene linandikakamira zaka zonse za ku Chibavi: NyaMulanje.

Poyamba timitengoto tinangofota, ndipo ndinati ndi kutopa kwa ulendo. Kenaka masamba a m'munsi anayamba kuchita chikasu. Chikasucho chinakwera pang'onopang'ono, tsamba ndi tsamba, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapeza ena atagwa pansi, ofewa, omata pamatope. Mtengo waukulu uja unkaturutsabe tinsonga ta maluwa, koma tisanatseguke tinkathothoka tokha.

M'nyumbanso zinthu zinali zachikasu chomwecho. Yona anayamba kukhosomola, chifuwa chosamva mankhwala. Ine kusukulu ndinali choseketsa cha kalasi: m'kalasi tinkaphunzira m'Chichewa ndi Chingerezi, koma belu likangolira bwalo lonse linkasanduka Chitumbuka, ine n'kutsala ndili tuzu ngati nkhuku yogula kumene. Mayi anaonda. Ankapita kuntchito, kubwerako, kukonza makope, kutipatsa chakudya iwo n'kunena kuti adya kale. Mabokosi ena sanamasule n'komwe. Ndinkawaona atakhala pakhonde akuyang'ana mtengo uja nthawi yaitali, ndipo ndinkachita mantha, chifukwa mayi anga sanali munthu wokhala chete.

Tsiku lina madzulo, ndikutola masamba ogwa, anandiitana.

“Ukuona, Linesi? Chinthu chokulira ku Mulanje kuno sichingakhale. Inunso ndi chimodzimodzi. Ndagwirizana ndi bambo ako kuti sukulu ikatsekera abwere adzakutengeni. Mukakhala nawo limodzi ndi azakhali anu.”

“Nanga inu?”

“Ine ndine wa boma.”

Ndinawayang'ana mmene makolala a bulauzi anali kulendewera pakhosi pawo, ndipo ndinadziwa kuti tikawasiya okha m'nyumba yotuluka thukuta ija, palibe amene adzawakakamize kudya. Bambo ndinkawafuna, Mulanje ndinkamulota, koma mayi sindikanawasiya. Ndinaloza mtengo waukulu uja.

“Nanga uwu ukaphuka?”

Mayi anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. “Ukaphuka mukhala.”

Iwo anangonena kuti nkhani ithe. Koma NyaGondwe anali pafupi akuanula zovala, ndipo ine ndinatembenuka n'kuwafunsa ngati amva. “Enya, napulika, NyaMulanje,” anatero. “Ndamva ndi makutu ghane ghawiri.” Kuyambira pamenepo mtengo uja unasanduka mlandu wanga, ndipo ndinali ndi mboni.

Ndinayamba ndi chimene ndinauzidwa: madzi. Ngati chitini chimodzi sichinathandize, ndiye kuti pafunika ziwiri. Ndinkathirira ndisanapite kusukulu, ndinkathirira ndikabwerako, ndipo tsiku lina ndinathirira mvula ikugwa, Yona atandigwirira ambulera ya mayi. Anthu odutsa ankaima n'kumatiyang'ana. Kenaka ndinayamba kupempha nzeru, ndipo ku Chibavi nzeru zinali zosagula. Wina anati ndithire masamba a tiyi otsala m'ketulo. Wina anati phulusa. Mayi wina wa kutchalitchi anati zitosi za nkhuku, ndipo ndinayenda m'makola a anthu ndi kambale kobooka ngati ndikutolera chopereka. NyaGondwe anandipatsa feteleza wodzaza dzanja, wotsala ku chimanga chawo. Yona nayenso anapereka thandizo lake m'mawa wina atangodzuka, ndipo ndinamukoka khutu. Zonsezi ndinathira, zina tsiku limodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada: kamtengo kamodzi mwa ting'onoting'ono tija kanayoyola masamba onse, khungwa n'kukwinyika, kufa kwenikweni.

Ndinalira, koma ndinalira ndikukumba. Ndinkafuna kuona chimene chapha kamtengo kanga. Ndikukazula, dzenje linamveka kuti fwe, ndipo pansi pake panali madzi ali tayale. Mizu inali yakuda, yoterera, yosupuka ukangoigwira, ndipo fungo lake linali la chinangwa choiwalika m'madzi. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo mpaka nkhaniyo inandilowa. Kwathu madzi ankathamanga kutsika phiri, osacheuka. Kuno ankafika pansi n'kukhala ngati mlendo wosatsanzika. Timitengo tanga sitinali ndi ludzu ayi, tinkamira, ndipo wotimiza ndinali ine ndi vesi langa lija.

Kusiya kuthirira kunandivuta kuposa kuthirira, chifukwa zinali ngati ndikunyoza mawu a bambo. Komabe ndinasiya. Ndinabwereka khasu n'kukumba kangalande kuchokera pa maluwa kutsetsereka mpaka kumsewu, ndipo madzi anatuluka akuyenda ngati akhala akudikira kuti wina awatsegulire. Ndinapala phulusa ndi zitosi zonse n'kuzitaya. Ndinakatapa mchenga kumene anthu ankamanga nyumba, pang'onopang'ono m'chitini, n'kumausakaniza ndi dothi la m'mbali mosamala kuti ndisavulaze mizu. Manja anatuluka matuza, cholembera chinkandipweteka pogwira. Chikasu chinachepa liwiro, koma sichinaleke. Mtengo waukulu unangoima ngati wodwala amene sakuchira komanso sakufa.

Apa m'pamene panabwera mbuzi. Kuseri kwa mpanda wathu kunali Che Amidu, bambo wa ku Mangochi amene anali ndi kagolosale ka sopo, mchere ndi palafini. Anali atagula tonde woti adzaphe pa chikondwerero cha Idi, ndipo ankamumangirira pachitsa kuseri kwa golosale. Tonde ameneyo anali ndi ndevu zaulemu koma khalidwe analibe. Tsiku lina ndikubwera kusukulu ndinamupeza pakhomo pathu, chingwe chikukwekwereka, akutafuna mwachifatse. Kamtengo kang'ono kotsala kaja anali atakamaliza: masamba, nsonga, nthambi zanthete, zonse. Panangotsala tizitsa titatu tofika m'bondo. Anali atayamba kununkhiza waukulu uja pamene ndinamugenda ndi chikwama cha mabuku.

Ndinamukoka mpaka kugolosale ndikukuwa, ndipo zimene ndinanena kwa munthu wamkulu tsiku limenelo zikanandikwapulitsa mayi akanamva. Che Amidu sanakwiye. Anandimvetsera mpaka mpweya unandithera, kenaka anati, “Pepani, mama. Mbuziyi ilibe sukulu. Koma musadandaule, masiku ake ndi owerengeka, mlandu wanu udzatha pa Idi.” Anandipatsa masiwiti awiri, ndipo ndinawalandira ndikadali wokwiya. Madzulo anabwera ndi nsungwi n'kunditchingira mtengo waukulu uja ndi manja ake.

Tizitsa tija ndinatisiya, sindinkafuna n'kutiyang'ana komwe. Mvula inayamba kuchepa, chisanu cha ku Mzuzu n'kulowa, chija cholowa m'mafupa. Tinkapita kusukulu utsi ukutuluka m'kamwa. Maso anga onse anali pa mtengo waukulu, umene unali utatsala ndi masamba ochepa, otumbuluka, ndi tinsonga ta maluwa timene mayi ankatiyang'ana m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Ndiye tsiku lina Yona, amene ankakhala pansi nthawi zambiri chifukwa cha chifuwa chija, anandiitana kuti ndidzaone. Pa tizitsa ta mbuzi tija panali timasamba. Tinali tating'ono, topindika, tonyezimira, tobiriwira kwenikweni, kubiriwira kumene ndinali ndisanakuone chifikireni ku Chibavi.

Ndinagwada n'kuyang'ana uku, n'kuyang'ana uko. Kamene kanadyedwa kanali kuphuka. Umene ndinautchingira ndi nsungwi unali kufa. Dothi limodzi, mvula imodzi. Ndinazungulira nazo m'mutu masiku angapo, m'kalasi, pampopi, potsuka mbale, mpaka ndinakumbukira minda ya tiyi ya kwathu. Nthawi zina anthu a bambo ankalowa m'munda ndi mipeni yokhota n'kudula tiyi yense, munda wobiriwira n'kusanduka zitsa zokhazokha zomvetsa chisoni, koma pakapita nthawi unkabwerera wokongola kuposa kale. Ndinakumbukiranso mizu ya mtengo waukulu uja tsiku lowokera, mmene inalili yochepa, yambiri itadukira ku Mulanje pokumba. Mizu yochepa yotero inkayenera kudyetsa nthambi zonse zija, masamba onse aja, ndi maluwa pamwamba pake. Siikanatha. Mbuzi inali itachepetsera mizu ya kamtengo kakang'ono kaja nthambi zoti izidyetsa.

Ndinadziwa choyenera kuchita, ndipo ndinadziwanso kuti mayi sangalole. Mtengo umenewo unali chinthu chokha cha manja a bambo chimene anali nacho pakhomo. Komanso panali vuto lina: ndikaudula, tsiku lotsekera sukulu likhoza kufika uli chitsa chopanda tsamba n'limodzi lomwe, ine n'kukhala nditaluza mlandu ndi mpeni wanga womwe. Ndikausiya, ufa pang'onopang'ono uli ndi masamba ake achikasu. Ndinayesa kuwauza NyaGondwe. Anagwira pakamwa. “Yayi, mwana iwe! Ine ndine mboni waka, za vimayi, mipeni yanuyo, sindikuziwako.” Koma Loweruka m'mawa ndinapeza mpeni wawo wakuthwa uli pakhonde pathu, ndipo iwo anali atapita kumsika molawirira kuposa masiku onse.

Loweruka limenelo mayi anali atapita koyeserera magule. Azimayi onse ankayenera kupita, aphunzitsi omwe, atavala nsalu ya chipani, kukavina ndi kuimba zothokoza. Mayi ankapita nkhope ili gwa, n'kubwerako fumbi lili m'miyendo. Atangokhota pakona, ndinachotsa nsungwi zija. Ndinayamba ndi nthambi yaing'ono kuti ndione ngati mtima undilola. Mkati mwake munali moyera, monyowa pang'ono, ndipo ndinalimba mtima. Ndinadula mopendeketsa monga ndinkaonera kwathu, nthambi ndi nthambi, mpaka mtengo wofika m'mapewa unatsala wofika m'chiuno mwa Yona. Tinsonga ta maluwa tija tinagwera pamatope. Yona anaimirira pakhomo atafunda bulangete, ndipo anangoti, “Lero iwe ufa.”

Mayi atafika anaima pachipata nthawi yaitali. Kenaka anawerama, ndipo zikwapu sanavutike kuzifuna, popeza ndinali nditawadulira ndekha mulu wonse. Anandikwapula kawiri m'miyendo. Kachitatu dzanja linakwera koma silinatsike. Anakhala pansi pakhonde, nsalu ya chipani ili m'chiuno, n'kuyamba kulira mokweza, kulira kumene anakusunga kuyambira tsiku la lole lija. Ine ndinaima pomwepo miyendo ikuyaka, ndipo nditaona kuti apuma, ndinawafotokozera zonse: za mizu yochepa, za tiyi wa kwathu, za tizitsa ta mbuzi. Ndinawakoka dzanja kuti akaone timasamba tija. Anayang'ana, anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, n'kunena kuti, “Ine ndaphunzitsa ana a anthu zaka zonsezi, mwana wanga mphunzitsi wake ndi mbuzi?” Madzulo amenewo anadya nafe, ndipo anamaliza mbale yawo.

NyaGondwe atabwera kumsika anadabwa mokweza kwambiri, mwina mopitirira muyeso, n'kutola mpeni wawo mwakachetechete. Anatolanso nthambi zonse zija, chikwapu changa chomwe, n'kuzidula zifupizifupi, kuzizika m'mbali mwa mpanda wawo. Anati chinthu chochokera kutali sichitayidwa.

Zitatero panatsala kudikira, ndipo kudikira ndiyo ntchito imene Mulungu sanandipatse luso lake. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono siikhala ndi tsiku lotsekera sukulu. Ndinaphimbira pansi pa chitsa ndi udzu wouma kuti mizu isazizidwe. Madzulo ndinkachifunditsa chiguduli, m'mawa n'kuchivundukula. Madzi ndinkathira pokhapokha ndikapisa chala m'dothi n'kumva kuti mwauma. Manja ankandiyabwa kuti ndichite kena kake, kuthira kena kake, koma ndinkawakhalira. Mtima ukavuta ndinkakanda khungwa pang'ono ndi chikhadabo, n'kuona kubiriwira m'kati, n'kupuma. Idi inafika, ndipo Che Amidu anatitumizira mbale ya nyama monga anachitira ndi nyumba zonse zoyandikana naye. Ndinaganiza zokana mwaulemu, popeza tonde uja anali mphunzitsi wanga, koma fungo lake linandigonjetsa. Ndinadya, ndipo anali wokoma kuposa khalidwe lake.

Sukulu inatsekera chitsa chili chitsa. Mayi anatichapira zovala, kuzisita, kuzilonga m'chikwama chachikulu n'kuchiika pafupi ndi chitseko. Sananene zondinyoza. Anangoti, “Wayesetsa, mwana wanga.” Ine ndinakana kulonga nsapato zanga, ndinati mlandu sunathe mpaka basi itanyamuka.

Bambo anafika m'mawa, atavala jekete lobwereka, maso ali ofiira ndi ulendo. Yona anawathamangira n'kuwakwera ngati mtengo. Ine ndinawagwira dzanja, ndinamva fungo lija la masamba a tiyi ndi sopo wofiira, ndipo pang'ono ndikanaiwala mlandu wonse. Anatiuza kuti apaka laimu chipinda chathu, kuti galu wathu wabereka, kuti Yona amupangira galimoto ya mawaya ikumudikira pakhonde. Ankalankhula mofulumira, mosangalala, ngati mwana. Ndinali ndisanawaonepo bambo anga otero.

Atamwa tiyi, NyaGondwe anabwera kudzapereka moni, ndipo moniwo usanathe anayamba umboni wawo, wosafunsidwa. Anafotokoza zonse, mawu a mayi, mbuzi, chikwapu, koma za mpeni anadumpha. Bambo anamvetsera, kumwetulira kuja kukuchepa pang'onopang'ono. Kenaka anadzuka n'kupita pa chitsa paja. Tonse tinawatsatira.

Anayang'ana kadulidwe kanga, n'kugwedeza mutu. “Amake Linesi, si ndinakuuzani tsiku lokumba lija kuti tidule nthambi?”

“Munandiuza,” anatero mayi. “Ndinakana. Unali ndi maluwa.”

Bambo anagwada pamatope ndi buluku lawo la ulendo. Anayendetsa chala chachikulu pa nthambi imodzi, pa ina, mmene ankachitira ndi tiyi wawo. Pa nthambi ya kumbuyo, yoyang'ana kukhoma, kumene ine ndinali ndisanasuzumire bwino, chala chija chinaima. Ndinali pafupi nawo ndipo ndinaona kuti chaima. Anakhala choncho kanthawi, chala chili pomwepo, mutu uli pansi. Mayi anali kumbuyo, NyaGondwe maso ake sankaona zapafupi, ine sindinkadziwa chimene chili pansi pa chalacho. Akanadzuka n'kusasa mawondo, n'kunena kuti mtengo ndi wamoyo koma sunaphuke, palibe akanawatsutsa, ndipo mawa lake tikanakwera basi atatu.

Anachotsa chala. “Amake Linesi, tabwerani muone.”

Panali kamphukira, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kofiirira kunsonga, katang'amba khungwa. M'munsi mwake munali kena, kongoyamba kutupa. NyaGondwe anaimba nthungululu mpaka Che Amidu anatuluka m'golosale kudzaona amene wabadwa. Ine ndinalumpha, ndinavina, ndinamukumbatira Yona mpaka anakhosomola. Mayi anayang'ana kamphukirako, n'kuyang'ana bambo.

“Ndinangonena mocheza,” anatero motsitsa mawu. “Mwayenda ulendo wonsewu.”

“Mawu a kwa mwana sachezera,” anatero bambo. “Akhale. Inunso mukufunika wokuonani.”

Anakhala nafe masiku ochepa. Anandikonzera ngalande yanga kuti itsetsereke bwino, anamata ming'alu ya zenera limene linkalowetsa mphepo pogona Yona, ndipo anamasula mabokosi aja amene mayi anawasiya chimangire. Tsiku lobwerera tinawaperekeza kudepoti. Anakwera, anakhala cha pazenera, kachikwama kawo kakang'ono kali pamiyendo. Basi ikunyamuka anatulutsa mutu n'kukuwa kuti, “Linesi! Madzi pang'ono pang'ono!” Ine ndinaseka, ndinabayibitsa ndi manja onse awiri. Ndinali nditapambana, ndipo mwana akapambana saona china.

Kutentha kutabwera mtengo uja unavala masamba thupi lonse, ndipo mvula yoyamba isanagwe unatulutsa duwa. Chifuwa cha Yona chinatha ndi chisanu chomwe. Chitumbuka chinandilowa mpaka ndinayamba kulota nacho. Mayi anabwerera m'thupi mwawo, n'kuyambanso kukalipa, chimene chinatisangalatsa tonse. Bambo ankabwera akapeza tchuthi, ife tinkapita tikatsekera, ndipo zinatenga zaka, mpaka zinthu zitasintha m'dziko, kuti makolo anga agonenso denga limodzi. Pofika nthawi imeneyo ine ndinali nditazika mizu ku Mzuzu, ndipo ndili kuno mpaka lero.

Chibavi wa masiku ano sindimuzindikira bwino. Pamene panali nyumba ya NyaGondwe pali mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo, ndipo pa golosale ya Che Amidu anyamata a njinga zamoto amadikirirapo anthu. Maluwa amagulitsidwa m'mbali mwa msewu m'timapepala takuda, ndipo duwa likachita chikasu munthu amangozula n'kukagula lina, monganso ine ndimachitira ndikatanganidwa. Aphunzitsi amapempha okha kosamukira, ndipo mwana akasowa bambo ake amangowaimbira foni n'kuwaona nkhope. Koma m'kanjira kotsikira kudambo mukadali mipanda ya haibisikasi wofiira, nyumba zingapo motsatizana. Anthu ankathyola kwa NyaGondwe n'kukazika kwawo, ndipo ndimakhulupirira kuti penapake pamenepo pali zidzukulu za chikwapu changa.

Nkhaniyi ndinkaikamba zaka zambiri ngati nkhani ya makani anga ndi mbuzi ya Che Amidu, anthu n'kumaseka. Ndinadzaimva mwa njira ina nditabereka ana anga, tsiku limene wamkulu ananyamuka kupita kusukulu yogonera konko, ine n'kubwerera m'chipinda chake chosesedwa bwino n'kukhala pabedi. Pamenepo m'pamene ndinaona bambo anga akutsika basi ku Mulanje okha, akutsegula chipinda chonunkha laimu watsopano, galimoto ya mawaya ili pakhonde. Ndinawafunsa atakalamba kuti n'chifukwa chiyani anachotsa chala chija. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopanda nzeru, n'kunena kuti, “Nanga unali utaphuka.”